Chambiko cha m'paketi: chimene chimachita m'mimba ndi chimene sichingachite

Paketi yabwino ya chambiko imadziwika m'manja musanafike pa kauntala. Imakhala yozizira mpaka zala kumva, ndipo mukaidinikiza imalola, siilimba ngati chibaluni. Mukaitsegula kunyumba, chambiko chimatsika mwaulesi m'kapu, choyera, chosalala, chonunkhira mkaka wosasa bwino, kuwawasa kwake kofatsa kosaluma pakhosi. Chotere n'choyenera ndalama yanu. Pa zakudya za m'sitolo zimene anthu amagula pofuna kusamala m'mimba, chambiko chopanda shuga ndi chimodzi mwa zochepa zimene tingazilimbikitse mosakayika. Koma chiyamikiro chimenechi chili ndi malire, chifukwa mawu oti probiotic, kutanthauza tizilombo tamoyo tothandiza thanzi, afala kwambiri pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo anthu ayamba kusenzetsa chambiko katundu amene si wake.

Tiyambe ndi mmene chimapangidwira, popeza ubwino wake ndi zovuta zake zimachokera pomwepo. Mkaka wambiri umene mafakitale a m'dziko muno amagwiritsa ntchito umachokera kwa alimi ang'onoang'ono, makamaka a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, amene amaupereka ku malo osonkhanitsira mkaka komwe umaziziritsidwa. Ukafika ku fakitale umatenthetsedwa kuti tizilombo toyambitsa matenda tife. Mkaka wakumwa wamba umatenthetsedwa pa madigiri 72 kwa masekondi 15, pamene wopangira mkaka wosasa ndi yogati kawirikawiri amaufikitsa pa madigiri 85 mpaka 95 kwa mphindi zingapo kuti udzagwirane bwino. Ukazizira kufika pakati pa madigiri 20 ndi 30, amathiramo mbewu, kutanthauza mabakiteriya osankhidwa. Mu mkaka wosasa wa mtundu uwu, womwe abale ake ndi amasi a ku South Africa, mabisi a ku Zambia ndi lacto wa ku Zimbabwe, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi Lactococcus lactis, ndipo kafungo konga batala kamachokera kwa anzake monga Leuconostoc. Mabakiteriyawa amadya shuga wachilengedwe wa mumkaka, wotchedwa lactose, n'kutulutsa asidi. Muyeso wa pH, umene umatsika asidi akamachuluka, umatsika kuchoka pa 6.7 kufika cha pa 4.6, ndipo apo ndi pamene mapuloteni a mumkaka amagwirana n'kulimba. Zonsezi zimatenga usiku wathunthu ndi kupitirira pang'ono.

Yogati ndi wina. Iye amapangidwa ndi Streptococcus thermophilus pamodzi ndi Lactobacillus bulgaricus, amene amakonda kutentha kwa madigiri 42 mpaka 45 ndipo amamaliza ntchito m'maola anayi kapena asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake chambiko chimatheka kupanga pakhomo popanda chotenthetsera, pamene yogati amafuna kufunditsidwa.

Malamulo a zakudya a padziko lonse a Codex Alimentarius, amene anakhazikitsidwa mu 2003 okhudza mkaka wosasa, amati galamu iliyonse ikhale ndi mabakiteriya amoyo osachepera 10 miliyoni mpaka tsiku lotha ntchito. Kapu ya mamililita 250 ya chambiko chosungidwa bwino ikhoza motero kukhala ndi mabakiteriya oposa 2 biliyoni. Chiwerengerochi chimamveka chachikulu mpaka mutachiyika pambali pa eni nyumba: m'matumbo aakulu a munthu wamkulu mumakhala mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, olemera ngati magalamu 200, malinga ndi kuwerengera kwa Ron Sender, Shai Fuchs ndi Ron Milo kwa mu 2016. Alendo a m'kapu ya chambiko amayamba akumana ndi asidi wa m'chifu, kenako ndulu, ndipo ambiri amafera panjira. Opulumukawo samanga mudzi. Amadutsa, amagwira kantchito kawo, ndipo mukaleka kumwa amasowa m'chimbudzi pakangopita masiku ochepa. Ichi ndicho chifukwa chake kapu imodzi tsiku ndi tsiku imaposa lita yathunthu yomwedwa Loweruka lokha.

Nanga chambiko ndi probiotic? Tanthauzo limene akatswiri a FAO ndi WHO, mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi zaumoyo, anagwirizana mu 2001 ku Córdoba, m'dziko la Argentina, ndi lakuti probiotic ndi tizilombo tamoyo timene, tikaperekedwa pa mlingo wokwanira, timapindulitsa thanzi la wolandirayo. Pamafunika zinthu zitatu: tikhale tamoyo, tidziwike dzina lake lonse, ndipo phindu lake likhale loyesedwa pa anthu. Dzina lonse lili ngati la munthu, la mtundu, la banja ndi lakelake. Lactobacillus rhamnosus GG, amene kuyambira 2020 amalembedwa Lacticaseibacillus rhamnosus GG, ali ndi zilembo ziwiri zakumapeto zimene zimamusiyanitsa ndi abale ake onse. Zimene zinapezeka pa iye sizingapatsidwe kwa wina chifukwa chongofanana mfunda. Tembenuzani paketi yanu ya chambiko muwerenge. Mukapeza mawu ongonena kuti muli culture popanda zilembo kapena manambala a kumapeto, muli ndi chakudya chosasa chokhala ndi mabakiteriya amoyo, osati probiotic woyesedwa. Pamenepa palibe chinyengo, ndipo chambiko sichichepa nazo. Chofunika ndi kudziwa chimene mwagula.

Phindu lake loyamba, lomwe ndi lodziwikiratu, lili pa lactose. Akuluakulu ambiri a kuno kwathu, monga a m'madera ambiri a Africa ndi Asia, thupi lawo limachepetsa kupanga lactase, chogayira shuga wa mumkaka, akangokula. Akamwa mkaka wosasasa m'mimba mumalira, mumadzaza mpweya, ena amatsegula. Mkaka wa ng'ombe uli ndi magalamu pafupifupi 4.7 a lactose pa mamililita 100 alionse. Kusasa kumachotsako gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, ndipo popeza chambiko n'cholimba, chimachoka m'chifu pang'onopang'ono, matumbo n'kupeza mpata wochigaya. Anthu ambiri amene mkaka umawavuta amapirira magalamu 12 a lactose pa nthawi imodzi, makamaka akadyera limodzi ndi chakudya china, ndipo kapu imodzi ya chambiko siifika pamenepo. Ngati mkaka unakukanani kalekale, yambani ndi theka la kapu pa chakudya kwa masiku atatu, kenako onjezerani.

Phindu lachiwiri anthu amaliiwala pothamangira nkhani ya mabakiteriya. Kapu ya mamililita 250 ya chambiko cha mkaka wosachotsa mafuta imapereka magalamu pafupifupi 8 a mapuloteni ndi mamiligalamu pafupifupi 300 a kashiamu, kuphatikizapo vitamini B12 ndi riboflavin. Kwa mwana wasukulu, mayi woyamwitsa kapena agogo amene mano anatha, zimenezi zokha n'zokwanira kugulira paketi.

Palinso umboni wakuti zakudya zosasa zimasintha zinthu m'matumbo. Mu 2021 ofufuza a ku Stanford University, pakati pawo Justin Sonnenburg ndi Christopher Gardner, anatsata akuluakulu 36 kwa masabata 10. Amene anadya zakudya zosasa zambiri anapezeka ndi mitundu yochuluka ya mabakiteriya m'matumbo, ndipo zizindikiro 19 za kutupa m'magazi zinatsika. Koma anthuwo anali ochepa, ndipo ankadya zosasa pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa tsiku, zamitundumitundu. Ndi nkhani yolimbikitsa, koma siikutanthauza kuti kapu imodzi ichita zomwezo.

Pamene tikufuna kuima nji ndi pa mwana wotsegula m'mimba. Chambiko si mankhwala a matenda amenewa, ndipo ngakhale maprobiotic enieni a m'mabotolo sanachite bwino monga anthu ankayembekezera. Mu 2018 kafukufuku wa ku United States pa ana 971 anapeza kuti Lactobacillus rhamnosus GG sanafupikitse kutsegula m'mimba poyerekeza ndi mankhwala ongoyerekezera, ndipo wina wa ku Canada wa chaka chomwecho, woyesa maprobiotic ena, anapeza chimodzimodzi. Kuno kwathu nkhaniyi inayesedwanso. Pa wodi ya Moyo ku chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, Marko Kerac ndi anzake anatsata ana 795 onyentchera kwambiri, ena akulandira chiponde chothiramo maprobiotic ndi chakudya cha mabakiteriyawo, ena chiponde chokha. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2009 zinasonyeza kuti chiwerengero cha ochira sichinasiyane. Chimene chimapha mwana wotsegula ndi kutha kwa madzi m'thupi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, mum'patse pang'onopang'ono nthawi iliyonse akachita chimbudzi, ndipo madzi otsala pakatha maola 24 atayidwe. Mum'patsenso mapiritsi a zinc, mamiligalamu 20 pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, kapena mamiligalamu 10 kwa mwana wosakwana miyezi 6. Bere lisaleke. Chambiko chikhoza kubwera ngati chakudya pamene mwana wayamba kulandira, ndipo chimalowa bwino kuposa mkaka wosasasa, koma chimabwera pambuyo pa ORS ndi zinc.

Pa mankhwala opha mabakiteriya pali zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba, mankhwalawa amapha abwino ndi oipa omwe, ndipo anthu ena amatsegula m'mimba akamamwa amoxicillin ndi anzake. Apa ndi pamene maprobiotic ena ali ndi umboni wabwinoko wochepetsa vutoli, makamaka Lactobacillus rhamnosus GG ndi yisiti yotchedwa Saccharomyces boulardii, imene Henri Boulard anaipeza mu 1923 pa makungu a zipatso ku Indochina. Amenewa ndi a ku famase, ndipo chambiko sichingalowe m'malo mwake. Chachiwiri, chimene ambiri sauzidwa: kashiamu wa mu chambiko amagwira ciprofloxacin, tetracycline ndi doxycycline m'matumbo, mankhwala n'kulephera kulowa bwino m'magazi. Musatsitsire mapiritsi amenewa ndi chambiko, yogati kapena mkaka. Imwani ndi madzi, ndipo papite maola osachepera awiri musanamwe zamkaka.

Tsopano nkhani yaikulu, imene paketi iliyonse singakuuzeni. Mabakiteriya a m'matumbo mwanu amadya zimene inu mwalephera kugaya, zomwe ndi fayiba, ulusi ndi makoko a zomera. Akazidya amatulutsa tiasidi titatu, acetate, propionate ndi butyrate, ndipo butyrate ndiye chakudya chachikulu cha khungu la mkati mwa matumbo aakulu. Mu chambiko mulibe fayiba ngakhale galamu imodzi. Munthu amene amadya nsima ya ufa woyera, buledi woyera, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera, kenako n'kumwa chambiko usiku, akuitana alendo m'nyumba imene eni ake akugona ndi njala. WHO imati wamkulu adye magalamu osachepera 25 a fayiba pa tsiku, ndi magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso. Kapu imodzi ya nyemba zophika imapereka magalamu 12 mpaka 15 a fayiba, theka la mlingowo. Nandolo, khobwe, nzama ndi mtedza zimagwira ntchito yomweyo. Mgaiwa umasunga gaga amene ufa woyera unataya pokonola, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti madeya timapatsa nkhuku ndi nkhumba ife n'kutsala ndi choyera chokha. Onjezerani nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, therere, mbatata yodya ndi khungu lake, magwafa ndi mango. Ngakhale mkute uli ndi mwayi wake: sitachi yophikidwa ikazizira, gawo lina limasintha n'kukhala losagayika msanga, ndipo limakafika kwa mabakiteriya a m'matumbo aakulu, bola mkutewo ukhale wosungidwa movundikira ndi mwaukhondo.

Kuti zakudya zimenezi si zachabe, umboni wake unachokera kwathu konkuno. Mu 2012 gulu la Jeffrey Gordon la ku Washington University ku St. Louis linayerekeza mabakiteriya a m'matumbo a anthu 531 a kumidzi ya ku Malawi, a ku Amazonas ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku United States. Akuluakulu a ku United States ndiwo anapezeka ndi mitundu yochepa, pamene Amalawi anali ndi mabakiteriya ambiri odziwa kuphwanya sitachi ndi zomera. Chaka chotsatira gulu lomwelo linafalitsa zimene linapeza pa magulu 317 a ana amapasa a ku Malawi, zosonyeza kuti mabakiteriya a m'matumbo ali ndi mbali pa matenda a kwashiorkor akakumana ndi chakudya chosakwanira. Wokhala m'tauni amene wasiya mgaiwa ndi nyemba n'kumagula makapisozi odula akutaya chimene ofufuza anabwera kudzachiona kumudzi kwawo.

Chenjezo limodzi pa fayiba: musachulukitse tsiku limodzi. Amene sanazolowere nyemba akadya mbale yodzaza amatupa mimba n'kunena kuti sizimuyanja. Onjezerani pang'ono pa masabata awiri kapena atatu, viikani nyemba usiku wonse n'kutaya madziwo musanaphike, ndipo imwani madzi okwanira, apo ayi kudzimbidwa kumakula m'malo mochepa.

Kadyedwe ka chambiko kali ndi kanthu. Kumpoto, kumene ng'ombe zili m'makola ambiri, anthu amadya nsima ndi chambiko ngati ndiwo, ndipo ndi nsima ya mgaiwa ndi masamba pambali chakudyacho n'chokwanira bwino. Koma mabakiteriyawa amafa kutentha kukapitirira madigiri 60, ndiye musathire chambiko mu phala limene likubwadamuka. Pakulani, dikirani lifike poti chala chikhoza kukhalamo, kenako thirani. Chikaphikidwa chimakhalabe ndi mapuloteni ndi kashiamu, koma amoyo aja apita. Vuto lina ndi shuga. Supuni yaing'ono imodzi ndi magalamu 4, ndipo ena amathira zinayi m'kapu imodzi, pamene WHO imati shuga wothira asapitirire magalamu 50 pa tsiku, makamaka akhale pansi pa 25. Nthochi yakupsa yophwanyira momwemo imatsekemeretsa mokwanira. Supuni imodzi ya ufa wa malambe, umene pafupifupi theka lake ndi fayiba, imapereka chimene chambiko chilibe, ngakhale imawonjezera kuwawasa.

Kufooka kwenikweni kwa chambiko cha m'paketi kuli pa kuzizira. Chimafuna madigiri 5 kapena kutsika, kuchokera ku fakitale mpaka m'kamwa. Magetsi akazima, furiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola anayi okha, ndipo ya m'golosale imatsegulidwa kosalekeza. Chambiko chikafunda mabakiteriya amadzuka n'kupitiriza ntchito, asidi amachuluka, kuwawasa kumaluma, ndipo pamapeto pake asidi yemweyo amawapha. Motero paketi imene tsiku lake silinakwane ikhoza kukhala itatha kale mphamvu. Madzi achikasu olekana pamwamba si vuto ngati fungo lili bwino. Gwedezani, muli zofunika m'madzimo. Koma paketi yotupa ikutanthauza kuti yisiti kapena mabakiteriya osafunika alowamo ndipo akutulutsa mpweya. Kuwawa ngati ndulu, fungo la mowa, thovu, madontho apinki, obiriwira kapena akuda, zonsezi n'zotaya, osati kuchotsa pamwamba n'kumwa zapansi. Sankhani paketi ya pansi ndi ya kumbuyo kwa furiji, onani tsiku lotha ntchito ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, gulani chambiko pomaliza musananyamuke, ndipo chisakhale pa dzuwa m'minibasi masana onse. Mukatsegula, chithe m'masiku atatu kapena anayi, ndipo musamwere pa paketi ngati mudzasunga chotsala.

Paketi imodzi yabwino ikhoza kubala zina. Wiritsani lita imodzi ya mkaka, muusiye uzizire wovundikira mpaka dontho la pa dzanja lisamveke kutentha, cha pa madigiri 25 mpaka 30. Thiranimo supuni zazikulu zitatu za chambiko chatsopano, takasani ndi supuni yotsukidwa m'madzi otentha, vundikirani, ndipo ikani pa malo osafika dzuwa kwa maola 16 mpaka 24 osagwedeza. M'nyengo yotentha ya Okutobala chimagwira msanga, mu Juni chimachedwa. Chikalimba chiikeni mu furiji. Chikakana kugwira, ndiye kuti mwina mkaka unali wotentha n'kupha mbewu, mbewuyo inali yakale, kapena ng'ombe inabayidwa mankhwala opha mabakiteriya ndipo atsalira mumkaka. Mukabwereza kanayi kapena kasanu kuchokera pa chanu chomwe, gulani paketi yatsopano, chifukwa tizilombo ta m'khitchini timayamba kulanda malo. Kuwiritsa kuja musakudumphe. Chambiko cha mkaka wosawiritsa chosasira m'chipanda chimakoma, koma kusasa sikupha tizilombo tonse, ndipo chifuwa chachikulu cha ng'ombe, brucellosis ndi Listeria zimadutsira mumkaka wotere. Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi chatsika asamwe chosawiritsa. Apa cha m'paketi chimapambana cha kumudzi mosapikisana.

Poyerekeza ndi anzake a mu furiji yomweyo, chambiko chimaposa yogati wa sitiroberi ndi wa vanila chifukwa alowa shuga wambiri, ndipo chimalingana ndi yogati wopanda shuga. Maheu a m'botolo amene amakhala pa shelefu osafuna furiji anatenthetsedwa kuti asawonongeke, ndiye musayembekezere mabakiteriya amoyo mmenemo. Thobwa la mawere kapena mapira limene lagonera n'kuyamba kuwawasa lili ndi mabakiteriya a asidi akeake, koma kuchuluka kwawo kumadalira mphika ndi mphika, ndipo ukhondo wa madzi ndi ziwiya ndiwo umalamula. Makapisozi a ku famase ali ndi malo ake pamene dokotala watchula dzina lenileni pa vuto lenileni. Botolo likhale ndi dzina lonse la bakiteriya, chiwerengero cha amoyo pa tsiku lotha ntchito osati pa tsiku lopangidwa, ndi malangizo a kasungidwe. Odwala kwambiri ndi amene chitetezo chawo chili pansi asayambe makapisozi amenewa popanda dokotala.

Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe chambiko, bere lokha. Kuyambira miyezi 6, supuni ziwiri kapena zitatu mu phala lozizira pang'ono zili bwino. Amene thupi limadana ndi mapuloteni a mkaka, amene amatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika akamwa, chambiko chiwachita chimodzimodzi, chifukwa kusasa sikuchotsa mapuloteniwo. Zilonda za m'mimba zoyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori zimafuna kuyezedwa ndi mankhwala ake. Chambiko chimangoziziritsa kwa kanthawi. Ndipo magazi m'chimbudzi, chimbudzi chakuda ngati phula, kutsegula kopitirira masiku 14, kuwonda kosadziwika chifukwa chake, kapena chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, zimenezi ndi za kuchipatala tsiku lomwelo, madzi a ORS ali m'manja panjira.